Mayere si Chisawawa: Kuunika Kamasuliridwe ka Liwu Loti Random

Pali liwu lina la Chingerezi limene lakhala likusautsa omasulira, aphunzitsi a masamu ndi akonzi a nkhani za umoyo m'dziko muno. Liwuli ndi random. Limapezeka m'zikalata zimene munthu amasaina asanalowe m'kafukufuku wa mankhwala kapena katemera, m'malonje amene ofufuza amapereka akafika pakhomo, m'maphunziro a masamu, ndiponso m'mapulogalamu a kompyuta amene akatswiri amasanthulira DNA ya tizirombo toyambitsa matenda. Omasulira ambiri akafika pa liwuli amalemba kuti mwachisawawa, ena amati mwamwayi, ndipo owerengeka amati mwamayere. Nkhani ino ikuyesa mawu atatuwa pa sikelo imodzi. Awiri oyambawo amauza womvera zinthu zimene asayansi sachita, pamene lachitatulo, ngakhale lili ndi zofooka zake, ndilo lingathe kusenza katunduyu.

Kumene liwuli limakumana ndi anthu

Nkhaniyi ingaoneke ngati ya m'makalasi a ku yunivesite, koma imafika pakhomo pa munthu wamba. Chitsanzo chabwino ndi dera la Katawa mumzinda wa Mzuzu, mzinda umene pa kalembera wa chaka cha 2018 udapezeka ndi anthu 221,272. Ambiri okhala ku Katawa amayankhula Chitumbuka kunyumba, ena Chitonga kapena Chinkhonde, ndipo Chichewa amachidziwira kusukulu, pawailesi, kumsika ndi kuntchito. Munthu wotere amalandira liwu la Chichewa m'tanthauzo limene wakhala akulimva kawirikawiri, ndipo alibe chifukwa choganizira kuti womasulira walipatsa tanthauzo lina lapadera. N'chifukwa chake liwu limene lamveka molondola ku Katawa likhoza kudaliridwa paliponse.

Kuyambira m'chaka cha 1992 ofesi ya boma yoona za chiwerengero, imene likulu lake lili ku Zomba, yakhala ikuchita kafukufuku wa umoyo wa anthu m'dziko lonse, ndipo mafunso ake amamasuliridwa m'Chichewa ndi m'Chitumbuka. Ofufuza safika pa nyumba iliyonse. Poyamba pamasankhidwa madera ena mwa madera a kalembera, kenaka nyumba zowerengeka m'dera lililonse. Mwini nyumba ali ndi ufulu wofunsa chifukwa chimene alendowo alumphira nyumba yoyandikana nayo n'kugogoda pakhomo pake, ndipo yankho lonse lagona pa liwu limodzi lomweli.

Pa kafukufuku wa katemera nkhaniyi imakula. Pakati pa 1986 ndi 1989, anthu oposa 120,000 a m'boma la Karonga adagawidwa m'magulu poyesa ngati kubwereza katemera wa BCG kungateteze anthu ku khate ndi chifuwa chachikulu. M'chaka cha 2018 ana oposa 28,000 a ku Ndirande ndi ku Zingwangwa mumzinda wa Blantyre adagawidwa m'magulu awiri poyesa katemera wa taifodi. Mu Epulo 2019 dziko la Malawi lidakhala loyamba kupereka katemera wa malungo wa RTS,S kwa ana m'madera osankhidwa a maboma 11, kuphatikizapo Karonga ndi Nkhata Bay. M'ntchito zonsezi, munthu kapena dera limagwera m'gulu ili kapena ilo popanda dokotala, mfumu kapena wofufuza kuloza chala. Kholo limene likuvomera kuti mwana wake alowe m'kafukufuku liyenera kumvetsa mfundo imeneyi lisanadinde chala pa pepala.

Chinthucho chidziwike chisanapatsidwe dzina

Mwana satchulidwa dzina asanabadwe, ndipo womasulira sayenera kutcha dzina chinthu chimene sadachione. Ndi bwino tsono kuyamba ndi zimene asayansi amachita.

Kale madokotala ena poyesa mankhwala ankapatsa wodwala woyamba mankhwala atsopano, wachiwiri n'kumusiya, wachitatu n'kumupatsa, motsatizana choncho. Vuto lidali lakuti dokotala ankadziwiratu gulu limene wodwala wotsatira agwere, ndipo akamumvera chisoni ankatha kumuchedwetsa kapena kumufulumiza. M'chaka cha 1948 ku Britain kudasindikizidwa zotsatira za kafukufuku wa mankhwala a streptomycin pa odwala chifuwa chachikulu okwana 107. Katswiri wa masamu Austin Bradford Hill adakonza kuti gulu la wodwala aliyense lichokere pa mndandanda wa nambala zosadziwikiratu, ndipo mayankho adatsekeredwa m'maenvulopu. Mindandanda yotere idalipo kale: L. H. C. Tippett adasindikiza wake wa manambala 41,600 m'chaka cha 1927, ndipo bungwe la RAND ku America lidatulutsa buku la manambala miliyoni imodzi m'chaka cha 1955.

Masiku ano ntchitoyi imagwiridwa ndi kompyuta. Koma kompyuta siponya ndalama m'mwamba. Imatsata lamulo la masamu limene yapatsidwa. Njira imodzi yakale, imene D. H. Lehmer adaifotokoza m'chaka cha 1949, mphunzitsi aliyense angathe kuionetsa pa bolodi. Munthu amatenga nambala yoyambira, mwachitsanzo 7, n'kuichulukitsa ndi 5, n'kuwonjezapo 3, n'kugawa ndi 16, ndipo yotsala ndiyo nambala yatsopano. Motero 7 imabala 38, ndipo 38 ikagawidwa ndi 16 patsala 6. Kuchita chimodzimodzi ndi 6 kumapereka 1. Mndandanda wonse umatuluka motere: 7, 6, 1, 8, 11, 10, 5, 12, 15, 14, 9, 0, 3, 2, 13, 4, kenaka umabwereranso pa 7.

Mndandanda waufupiwu ukuphunzitsa zinthu zingapo. Woyang'ana amene sadziwa lamulo lija sangalosere msanga nambala yotsatira, komabe nambala iliyonse kuyambira 0 mpaka 15 yatuluka kamodzi, popanda yokonderedwa. Munthu wina akayambanso ndi 7, kaya ali ku Mzuzu kaya ku Tokyo, adzapeza mndandanda womwewo. Ndipo wopenya bwino aona chilema: nambala zosagawika ndi 2 zikusinthana ndi zogawika ndi 2 kuyambira poyamba mpaka pamapeto. Wofufuza amene angagawe odwala potengera zimenezo wabwerera ku njira yakale ija imene Hill adaithawa.

Chilema chotere chidapezekapo m'makina enieni. Pulogalamu ya RANDU, imene idafala pa makompyuta a IBM m'zaka za m'ma 1960, inkatulutsa nambala zooneka zabwino, koma zikatengedwa zitatuzitatu zinkagwera m'mizere yowerengeka yokha. George Marsaglia adafotokoza chofooka cha njira za mtundu umenewu m'chaka cha 1968. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Kuyambira pamenepo njira iliyonse yatsopano imayesedwa ndi mayeso okhwima isanakhulupiriridwe. Imodzi yotchuka ndi Mersenne Twister, imene Makoto Matsumoto ndi Takuji Nishimura a ku Japan adasindikiza m'chaka cha 1998. Ziyankhulo za kompyuta za R ndi Python zimaigwiritsa ntchito, ndipo kutalika kwa mndandanda wake usanabwererenso poyambira ndi nambala imene pofuna kuilemba pamafunika zilembo zoposa 6,000.

Dengu limene mbewu zake zawerengedwa

Nambala zotuluka mofanana chonchi ndi chiyambi chabe. Ntchito yeniyeni imaoneka mu sayansi yosanthula chibadwa cha zamoyo pa kompyuta, imene pa Chingerezi amaitcha bioinformatics.

DNA ya chamoyo chilichonse imalembedwa ndi zilembo zinayi: A, C, G ndi T. Zilembozi sizichuluka mofanana m'zamoyo zonse. DNA ya kachirombo koyambitsa chifuwa chachikulu idawerengedwa yonse m'chaka cha 1998, ndipo ili ndi zilembo pafupifupi 4.4 miliyoni, mwa zilembo 100 zilizonse, pafupifupi 66 ndi G kapena C. DNA ya kachirombo ka malungo ka Plasmodium falciparum idawerengedwa m'chaka cha 2002, ili ndi zilembo pafupifupi 23 miliyoni, ndipo mwa zilembo 100 zilizonse pafupifupi 80 ndi A kapena T.

Wofufuza akapeza kuti kagulu kena ka zilembo kakubwerezedwa m'DNA, amafuna kudziwa ngati kali ndi ntchito yapadera kapena kangopezeka popanda chifukwa. Kuti adziwe, amalamula kompyuta kupanga DNA yongoyerekeza, kambirimbiri, n'kuwerenga kuti kagulu kaja kakutuluka kangati. Ngati m'DNA yeniyeni kakuchuluka kwambiri kuposa m'yoyerekezayo, ndiye kuti pali chofunika kufufuza. Njira yoyankha mafunso poyerekeza mobwerezabwereza chonchi imatchedwa Monte Carlo, ndipo adaiyamba ndi Stanislaw Ulam ndi John von Neumann ku Los Alamos m'zaka za m'ma 1940.

Koma DNA yoyerekezayo iyenera kufanana ndi yeniyeni pa kachulukidwe ka zilembo. Pa kachirombo ka malungo, wolemba pulogalamu amauza kompyuta kutulutsa nambala pakati pa 0 ndi 99. Ikatuluka kuyambira 0 mpaka 39 amalemba A, kuyambira 40 mpaka 79 amalemba T, kuyambira 80 mpaka 89 amalemba G, ndipo zotsalazo amalemba C. Pa kachirombo ka chifuwa chachikulu malire amasintha: G ndi C zimapatsidwa nambala 33 chilichonse, A ndi T zimapatsidwa 17 chilichonse. N'chimodzimodzi ndi dengu limene muli mbewu 100 zowerengedwa bwino, za chimanga 40, za nyemba 40, za mtedza 10 ndi za nandolo 10. Munthu amapisa dzanja atatsinzina, n'kutola imodzi, n'kuibwezera. Palibe akudziwa mbewu imene ituluke tsopano, koma aliyense akudziwa kuti akapisa ka 1,000 chimanga chidzatuluka pafupifupi ka 400. Dongosolo la mbewu m'denguli ndilo pa Chingerezi amati distribution, ndipo liwu loti kagawidwe likulikwanira.

Kuipa kwa kusamvetsa mfundoyi kumaoneka powerengera. Kagulu ka zilembo zisanu ndi chimodzi koti TATATA, ngati zilembo zinayi zonse zili zofanana kuchuluka, kayenera kupezeka kamodzi pa malo 4,096. Koma m'dengu la kachirombo ka malungo kayenera kupezeka kamodzi pa malo pafupifupi 244, ndiko kuti kuchulukirapo pafupifupi ka 17. Wophunzira amene wamva kuti random ndi chisawawa, nangouza kompyuta kutaya zilembo mmene ikufunira, adzalengeza kuti watulukira chinsinsi pamene wangolakwitsa kudzaza dengu.

Kagawidwe kena kofunika kamatchedwa ndi dzina la Siméon Denis Poisson wa ku France, amene adakafotokoza m'chaka cha 1837. Kamanena za zinthu zochitika mwa apo ndi apo. Ku Chilumba m'boma la Karonga kwakhala kukuchitika kafukufuku wa khate ndi chifuwa chachikulu kuyambira m'chaka cha 1979, ndipo m'chaka cha 2015 ofufuza adasindikiza zimene adapeza atawerenga DNA ya tizirombo tochokera mwa odwala oposa 1,600 a pakati pa 1995 ndi 2010. Cholinga chidali kuona amene adapatsirana matenda. Kachirombo kameneka kamasintha pang'onopang'ono, chilembo chimodzi pa zaka zingapo, choncho odwala awiri amene tizirombo tawo tikusiyana zilembo zochepa kwambiri ayenera kuti matenda awo ali ndi gwero limodzi laposachedwa. Funso ndi lakuti kusiyana kwake kukhale kwa zilembo zingati.

Ngati pa nyengo inayake kachirombo kamasintha zilembo ziwiri mongoyerekeza pakatikati, sikuti kalikonse kadzasintha ziwiri ndendende. Kagawidwe ka Poisson kamanena kuti mwa tizirombo 100, pafupifupi 14 sitidzasintha konse, 27 tidzasintha chilembo chimodzi, 27 ziwiri, 18 zitatu, 9 zinayi, ndipo 5 tidzasintha zisanu kapena kuposa. Wolemba pulogalamu amadula nambala za 0 mpaka 99 m'zigawo zisanu ndi chimodzi zolingana ndi ziwerengerozi, monga adachitira ndi zilembo zija. Palinso kagawidwe ka Gauss, ka zinthu monga kutalika kwa anthu, kamene ambiri amakhala pakati ndipo ochepa kumalekezero, G. E. P. Box ndi Mervin Muller adaonetsa m'chaka cha 1958 mmene nambala ziwiri zotuluka mofanana zingasandutsidwire nambala za kagawidwe kameneka. Paliponse mfundo ndi imodzi: chotuluka chimodzi sichidziwika, koma lamulo lolamulira zotuluka zonse limalembedwa ntchito isanayambe.

Mwachisawawa

Tsopano mawu atatu aja angathe kuyesedwa. Liwu loti mwachisawawa lili ndi mbiri yake m'makutu mwa Amalawi. Anthu adalimva pa nkhani ya kudula mitengo mwachisawawa, kutaya zinyalala mwachisawawa, kumwaza ndalama mwachisawawa, ndipo m'mauthenga a Edzi lidamveka zaka zambiri pa nkhani ya kugonana mwachisawawa. Paliponse ndi liwu lodzudzula. Limanena za munthu wochita zinthu mosasamala, mosatsata lamulo, mosaganizira zotsatira. Mayi wa ku Katawa amene wauzidwa kuti mwana wake aikidwa m'gulu mwachisawawa wauzidwa kuti achipatala sasamala za mwanayo. Akakana kusaina, wamva Chichewa molondola, ndipo cholakwa chili kwa womasulira.

Choposa apa, chisawawa ndicho chinthu chenichenicho chimene njira ya nambala idapangidwira kuti ichotse. Wofufuza akauzidwa kusankha nyumba mwachisawawa amasankha za m'mbali mwa msewu, zopanda agalu olusa, zosafuna kutsetsereka m'matope a mvula ya ku Mzuzu. Osauka okhala kutali ndi msewu amatsala, ndipo zotsatira zimanamiza dziko. Ngakhale munthu wa mtima wabwino satha kusankha mopanda tsankho ndi mutu wake wokha. Mphunzitsi angayese izi m'kalasi: gulu lina liponye ndalama yachitsulo ka 100 n'kulemba mbali imene yagwera, gulu lina lingopeka zotsatira. Pa mndandanda weniweni, pafupifupi nthawi zonse pamapezeka malo amene mbali imodzi yagwa kasanu motsatizana, pamene opeka amaopa kulemba chotero poganiza kuti chioneka chabodza. Liwu limene likutchula matenda silingakhale dzina la mankhwala ake.

Mwamwayi

Liwu loti mwamwayi ndi laulemu, ndipo mwina n'chifukwa chake ena amalikonda. Koma mwayi pa Chichewa ndi chinthu chabwino chimene chagwera munthu, ndipo mnzake wotsutsana naye ndi tsoka. Kuyambira pamene boma lidayamba kugawa makuponi a fetereza m'chaka cha 2005, ndiponso ndalama za Mtukula Pakhomo zimene zidayambira ku Mchinji m'chaka cha 2006, anthu adazolowera kuti kulembedwa dzina kumabweretsa thandizo. Mwini nyumba akamva kuti wasankhidwa mwamwayi amayembekezera kanthu, ndipo oyandikana naye amaona ngati amanidwa. Wofunsidwayo angathenso kuchepetsa katundu wake poyankha mafunso, poganiza kuti akaoneka wosauka alandira zambiri.

Pa kuyesa katemera liwuli limalonjeza zimene ofufuza eni ake sakuzidziwa. Kafukufuku amachitika chifukwa yankho silidapezeke. Zotsatira za ku Karonga, zimene zidasindikizidwa m'chaka cha 1996, zidaonetsa kuti kubwereza BCG kudachepetsa khate ndi pafupifupi theka, koma sikudateteze anthu ku chifuwa chachikulu cha m'mapapo. Palibe akadanena m'chaka cha 1986 kuti gulu lamwayi ndi liti. Ku Blantyre ana a gulu lofananitsira adalandira katemera wa matenda oumitsa khosi, ndipo sadali atsoka. Liwu lomweli limasokonezanso likagwiritsidwa ntchito pomasulira probability. Chiganizo chonena kuti mwana wogona kunja kwa neti ali ndi mwayi waukulu wodwala malungo chimaseketsa aliyense wodziwa Chichewa. Liwu loti mpata silikondera chabwino kapena choipa, ndipo likhoza kulowa m'malomo: mpata wodwala, mpata wochira, mpata woti chilembo A chituluke.

Mwamayere

Mayere ndi chinthu chimene anthu amachidziwa pochichita. Magulu ambiri a chipereganyu amalemba nambala pa timapepala, n'kutipinda, aliyense n'kutola kamodzi kuti adziwe woyamba kulandira. Okonda mpira amadikira mayere a chikho kuti amve timu imene Moyale Barracks ikumane nayo. Owerenga Buku Lopatulika, limene lidatuluka m'chaka cha 1922, adakumana ndi liwuli pa nkhani ya Yona m'chombo ndi pa kusankhidwa kwa Matiya. M'zitsanzo zonsezi muli zinthu zitatu: lamulo limagwirizanidwa poyamba, palibe dzanja limene limaloledwa kukondera, ndipo chotuluka chimalandiridwa ndi onse. Izi ndi zomwezo zimene Hill ankafuna ndi maenvulopu ake, ndiponso zimene wolemba pulogalamu amafuna podula nambala zake m'zigawo.

Otsutsa liwuli ali ndi mfundo zoyenera kuzimva. Ena amati mayere amakumbutsa ula ndi kuombeza, ndipo opembedza ena angakayike. Koma woombeza amafuna kumva uthenga wobisika, pamene ochita chipereganyu amangofuna chilungamo, ndipo anthu amasiyanitsa ziwirizi tsiku ndi tsiku. Ena amati amakumbutsa juga. Chikalata chingathetse nkhawayi ndi chiganizo chimodzi chonena kuti palibe chopambana kapena choluza. Mfundo yolemera kuposa zonse ndi yakuti m'mayere a masiku onse aliyense amakhala ndi kapepala kamodzi, pamene m'sayansi mipata imatha kusiyana, monga A ndi G m'kachirombo ka malungo. Yankho lili m'dengu lija: mayere amakhalabe mayere ngakhale chimanga chichuluke kuposa nandolo, malinga chiwerengero cha mbewu chidanenedwa poyera dzanja lisanalowe. Liwuli likufuna kutambasulidwa pang'ono chabe, pamene mawu awiri aja akufuna kutembenuzidwa kuti anene zotsutsana ndi tanthauzo lawo.

Kalembedwe ndi mawu oyenda nalo

Mabuku akale amalemba maere, monga ankalembera mau ndi mai. Popeza olemba ambiri lero amalemba mawu ndi mayi, mayere ndiko kalembedwe kogwirizana ndi anzakewo. Ponena za mchitidwe, liwuli lilumikizidwe monga mwachangu ndi mwaulemu: mwamayere. Pofotokoza dzina lilumikizidwenso monga munthu wanzeru: nambala zamayere. Akonzi asankhe kalembedwe kamodzi m'chikalata chonse, chifukwa wowerenga akaona maere patsamba loyamba ndi mayere patsamba lachitatu angaganize kuti ndi zinthu ziwiri.

Liwu la sayansi siliyenda lokha, ndipo ubwino wina wa mayere ndi wakuti amabala mawu ena mosavuta. Kusankha nyumba kapena anthu kukhale kusankha mwamayere. Kuika odwala m'magulu kukhale kugawa mwamayere. Nambala zimene kompyuta imapanga potsata lamulo, monga mndandanda uja woyambira pa 7, zikhale nambala zamayere opanga, pozisiyanitsa ndi zochokera ku ndalama yoponyedwa. Nambala yoyambira, imene pa Chingerezi amati seed, ikhale mbewu, pakuti wobzala mbewu yomweyo amakolola mndandanda womwewo. Liwuli limakumbutsanso wophunzira udindo wake. Wofufuza wosamala amalemba mbewu imene adagwiritsa ntchito kuti mnzake athe kubwereza ntchitoyo n'kuitsimikizira, ndipo amalembanso mtundu wa pulogalamu, popeza m'chaka cha 2019 okonza R adasintha njira yotolera zinthu pa mndandanda atapeza kuti yakale inkakondera pang'ono mndandanda ukakhala wautali kwambiri.

Kagawidwe kopatsa zonse mpata umodzi kakhale kagawidwe kofanana. Kotchedwa ndi dzina la munthu kasunge dzinalo: kagawidwe ka Poisson, kagawidwe ka Gauss. Kagawidwe ka Gauss pa Chingerezi kamatchedwanso normal, ndipo womasulira achenjere kuti asalembe kagawidwe kabwinobwino, ngati kuti enawo ndi odwala. Chithunzi chake ndi chotumphuka pakati ndi chotsetsereka mofanana mbali zonse ziwiri. Azungu amachifanizira ndi belu, koma mwana wa kuno angachizindikire msanga atauzidwa kuti ndi chulu.

Mawuwa ndi ongoperekedwa kuti ayesedwe. Chiyambire pamene Bungwe la Chichewa lidalowedwa m'malo ndi likulu loona za ziyankhulo ku Zomba m'chaka cha 1996, ntchito yopanga mawu a sayansi yagwera kwambiri m'manja mwa omasulira zikalata, aphunzitsi ndi atolankhani, aliyense payekha ndiponso mothamangitsidwa ndi nthawi. Mutu umodzi susenza denga. Aphunzitsi a masamu ndi makompyuta a pa Yunivesite ya Mzuzu, imene idatsegulidwa m'chaka cha 1999, ali pamalo abwino oyesera mawuwa pamodzi ndi akatswiri a ziyankhulo, ndi kuwafunira anzake a m'Chitumbuka. Kuyesa kwake n'kosavuta. Chiganizo chiwerengedwe kwa anthu a ku Katawa, a ku Dedza ndi a ku Mulanje, ndipo aliyense afunsidwe kufotokoza m'mawu akeake zimene wamva. Chiganizo choyambira chingakhale ichi: "Mwana wanu aikidwa m'gulu limodzi mwa magulu awiri mwamayere. Mayerewo achitika pa kompyuta, ndipo dokotala, namwino kapena inu simungasankhe gulu. Mwana aliyense ali ndi mpata wofanana wogwera m'gulu lililonse." Kholo likabweza tanthauzo limeneli molondola, liwulo lapambana mayeso ndipo liyenera kulowa m'mabuku.